Musatinamize ndi mawu oti "stable"

Pali mawu amodzi amene akatswiri a Linux amawatchula ngati dzina la mankhwala ochiza nthenda iliyonse: "stable". Munthu akangofunsa kuti, "Akulu, ndiike chiyani pa laputopu yangayi?" yankho limatuluka funso lisanathe n'komwe: "Ikani Debian stable, simudzalira." Chiyambire pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ofunsa achuluka, chifukwa makompyuta ambiri akale amene akugwirabe ntchito bwinobwino sakuloledwa kulandira Windows 11. Ndiye ine ndati tikanganeko pang'ono za mawu amenewa, abale anga, chifukwa wowanena amatanthauza china, wowamva n'kumva chinanso.

Munthu wamba akamva kuti chinthu ndi "stable" amaganiza kuti sichifa, sichizima pakati pa ntchito, chilibe chilema. Kwa anthu a Debian tanthauzo lake ndi lakuti chinthucho sichisintha. Basi. Pafupifupi zaka ziwiri zilizonse amasonkhanitsa mapulogalamu zikwizikwi, amawaimitsa pamene afikapo, amawayesa kwa miyezi, kenako n'kuwatulutsa pamodzi. Zikatero khomo latsekedwa. Chimene amalola kulowa ndi zigamba zotseka mipata ya akuba ndi zokonza mavuto akuluakulu okhaokha. Kavuto kakang'ono, monga batani losagwira bwino kapena chikalata chimene chikutseguka mizere itapindika, kamakhala pomwepo mpaka Debian wina atatuluka. Kavutoko nakonso ndi "stable". Mudzakapeza mawa, mudzakapeza mkuja, pamalo ake omwewo.

Tiyeni tiwerenge zaka. Debian 12 anatuluka mu Juni 2023 ali ndi LibreOffice 7.4, pamene 7.5 inali itatuluka kale. Opanga LibreOffice amatulutsa yatsopano kawiri pachaka, mu Febuluwale ndi mu Ogasiti. Pofika Ogasiti 2025, pamene Debian 13 anabwera, kunja kunali kutatuluka 7.6, 24.2, 24.8 ndi 25.2, iliyonse ili ndi zokonza zake, zina mwa izo zokhudza kutsegula mafayilo a Word ndi Excel amene dziko lonse limatumizirana. KDE Plasma 6 inatuluka mu Febuluwale 2024, koma wa Debian stable anakhalabe ndi Plasma 5.27 kwa chaka china ndi theka. Kwa seva imene yakhala pakona n'kumangotumiza mafayilo, zimenezi zilibe kanthu. Nanga kwa munthu amene akulemba buku, kapena mlembi amene abwana amutumizira chikalata choti akonze lero lomwe? Mukamuuza kuti vuto lakelo linakonzedwa kalekale koma adikire chaka cha mawa, mwamuthandiza chiyani?

Eni mapulogalamu nawonso zimawapweteka. Mu 2016 Jamie Zawinski, mwini wa XScreenSaver, anakangana poyera ndi a Debian. Iye anali atatopa kulandira madandaulo a mavuto amene anawakonza kalekale, ochokera kwa anthu amene ankagwiritsa ntchito pulogalamu yake yakale. Anaikamo uthenga umene umatulukira wokha pulogalamuyo ikakalamba, wouza munthu kuti apeze yatsopano. A Debian anafuna kuuchotsa uthengawo, ndipo iye anawapempha kuti ngati zili choncho angosiya kugawa pulogalamu yakeyo. Mukhoza kunena kuti munthuyu ndi wamkamwa, ndipo ambiri ananenadi choncho. Koma mfundo yake inali yomveka: dzina lili pa pulogalamuyo ndi lake, wotukwanidwa ndi iye, pamene wosunga chakalecho ndi wina.

Ndipo tisamayerekeze ngati chokhazikikacho sichinatilumepo. Mu 2006 wosamalira OpenSSL ku Debian anachotsa timizere tochepa m'pulogalamuyo, ndipo makiyi achinsinsi amene makompyuta ankapanga anakhala osavuta kuwalosera. Chilemacho chinalowa mu Debian 4.0, stable weniweni, chinalowanso mu Ubuntu, n'kukhalamo mpaka Luciano Bello atachitulukira mu Meyi 2008. Mu Disembala 2023 a Debian anaimitsa kutulutsa 12.3 chifukwa kernel imene inali italowa inali ndi vuto lotha kuwononga mafayilo pa ext4, ndipo m'malo mwake anatulutsa 12.4. Sindikunena izi pofuna kunyoza anthu amene amagwira ntchito yaikulu chonchi, ambiri mwa iwo mosalipidwa. Ndikungoti nawonso ndi anthu, ndipo mawu oti "stable" si chithumwa.

Apa ndikudziwa kuti achinyamata a Arch ndi anzawo ayamba kuomba m'manja. Dikirani kaye, inunso ndili nanu mawu. Mu Malichi 2024 Andres Freund anadabwa kuona kuti kulowa pa SSH kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza khomo lobisika limene munthu wina anaika dala mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, atatha zaka akudzionetsa ngati wothandiza wokhulupirika. Chinthucho chinali chitafika kale mu Debian sid ndi testing, mu Fedora Rawhide ndi mu openSUSE Tumbleweed, kumene zatsopano zimafika zikadali zotentha. Debian stable sanakhudzidwe, chifukwa anali akadali ndi xz yakale. Tsiku limenelo kuchedwa kunapulumutsa anthu.

Onaninso za pa 19 Julayi 2024. Kampani ya CrowdStrike inatumiza update imodzi yolakwika, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft, anakana kudzuka. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki zinasokonekera. Kanthu kamodzi katsopano kanalowa m'kati mwenimweni mwa makina, paliponse nthawi imodzi. Walira mvula walira matope. Amene akufuna chilichonse chatsopano tsiku lomwe chatuluka avomere kuti ndi iye amene akulawira anzake. Ngakhale dzina loti sid a Debian sanalisankhe mwangozi: ndi la mnyamata wa mu filimu ya Toy Story amene ntchito yake inali kuphwanya zidole. Tsono kumuikira Arch munthu amene wangochoka ku Windows dzulo, n'kumusiya yekha, ndi nkhanza zovala chovala cha ukatswiri.

Ndiye kodi ndaima pati? Ndaima apa: funso loti "chokhazikika kapena chatsopano" ndi lopotoka, chifukwa limatenga kompyuta ngati chinthu chimodzi. Kompyuta ili ngati nyumba. Pali maziko ndi zipupa: kernel, malaibulale amene mapulogalamu onse amatsamira, zodzutsa makina, zoyendetsa netiweki. Palinso katundu wa m'nyumbamo: cholembera makalata, chokonzera zithunzi, chomvetsera nyimbo, choimbira mafoni a vidiyo. Maziko akasweka nyumba yonse yagwa. Mpando ukathyoka mumakhala pa mphasa n'kupitiriza kudya nsima. Palibe munthu wanzeru amene amakumba maziko sabata iliyonse, komanso palibe amene amakana kusintha mpando wothyoka mwendo ati poopa kugwetsa nyumba. Koma ndi zimene mbali ziwirizi zikutiuza kuti tizichita.

Chosangalatsa n'chakuti a Debian eniake amadziwa kuti lamulo lawo lili ndi malire. Taonani mmene amachitira ndi browser. Firefox imatuluka yatsopano pafupifupi milungu inayi iliyonse, ndipo ilinso ndi mtundu woyenda pang'onopang'ono wotchedwa ESR. ESR yakale ikasiya kusamalidwa, Debian stable amalowetsa yatsopano pakati pa ulendo, osadikira zaka ziwiri zija. Chromium nayonso amaisintha pafupipafupi. Bwanji? Chifukwa aliyense akuona kuti browser yokalamba ndi khomo losatseka. Ndiye ngati n'zotheka kusintha pulogalamu yaikulu ngati browser popanda nyumba kugwa, bwanji tikuchita ngati kusintha cholembera makalata ndi tchimo?

Njira zilipo, ndipo si zachinsinsi. Yoyamba ndi backports: a Debian eniake amatenga mapulogalamu ena kuchokera ku testing n'kuwamanganso kuti agwirizane ndi stable, ndipo inu mumasankha imodziimodzi imene mukuifuna. Kumeneko n'kumene amapezako kernel yatsopano munthu amene laputopu yake ikukana Wi-Fi. Yachiwiri ndi Flatpak, imene imabweretsa pulogalamu pamodzi ndi zotsamira zake n'kuiika pambali, osakhudza maziko. Pa Flathub mupeza LibreOffice, GIMP, Inkscape, OBS Studio ndi zina zambiri, zatsopano. Ikakukhumudwitsani mumaichotsa, makina n'kutsala mmene analili. Palinso AppImage, fayilo imodzi imene mumangoitsegula. Ubuntu LTS, amene amatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kusamalidwa zaka zisanu, amatsata nzeru yomweyi ndi Snap, ndipo kuyambira pa 22.04 Firefox yawo imabwera m'njira imeneyo.

Sindikubisirani mtengo wake. Flatpak ndi yolemera. Pulogalamu yoyamba imakoka katundu wa mamegabaiti mazanamazana, ndipo kwa ife amene timagula intaneti ya bandulo zimenezo ndi ndalama zenizeni, ngakhale kuti mapulogalamu otsatira amagawana katundu yemweyo. Koma werengani bwino: makina osintha chilichonse sabata ndi sabata amadya bandulo kuposa pamenepo, ndipo magetsi akathima pakati pa update ya maziko mukhoza kudzuka ndi kompyuta yosayaka. Akathima pakati pa update ya chokonzera zithunzi, mungoyambiranso. Chinanso, si zonse za pa Flathub zimene zinaikidwa ndi eni ake, choncho yang'anani chizindikiro chotsimikiza mwini musanaike. Snap nayo ili ndi mlandu wake: sitolo yake ili m'manja mwa kampani imodzi, Canonical, ndipo n'chifukwa chake a Linux Mint anaitsekera kunja mu 2020. Madandaulo amenewa ndi oona. Koma ndi madandaulo a momwe tingachitire bwino, ndipo sakuchotsa mfundo yakuti maziko ndi mipando siziyenera kuyenda liwiro limodzi.

Chimene sindingakulangizeni ndi kusakaniza. Munthu amakhumbira pulogalamu imodzi yatsopano, n'kulumikiza nkhokwe ya sid kapena ya Ubuntu pa Debian stable wake. Pulogalamuyo imakoka laibulale yatsopano, laibulaleyo n'kukoka ina, mapeto ake makina sali stable, sali sid, ndipo palibe amene angawathandize. Anthu a Debian anachipatsa dzina chilombo chimenechi, amati FrankenDebian. Apa ndiye ndikugwirizana nawo kwathunthu. Koma ndikufunsa: n'chiyani chimamufikitsa munthu pamenepo? Ndi njala. Anauzidwa kuti adikire zaka ziwiri, osauzidwa kuti pali khomo lina labwinobwino, ndiye analowera pawindo. Tikamuseka tizikumbukiranso amene anamubisira khomolo.

Pali ena amene anganene kuti, "Ingoikani Fedora, nkhani yatha." Fedora amatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo aliyense amasamalidwa pafupifupi miyezi 13. Kwa munthu amene ali ndi intaneti yokwanira ndipo saopa kusamuka chaka ndi chaka, ndi njira yabwino ndithu. Koma taganizirani za kompyuta ya pa sukulu, ya ku tchalitchi, ya pa shopu yotayipa ndi kusindikiza, imene woikonza amabwera kamodzi pachaka ngati wabwera n'komwe. Imeneyo imafuna maziko oti akhale zaka osagwedezeka. Imafunanso cholembera chimene chingatsegule chikalata cha kasitomala wa lero. Zonse ziwiri, nthawi imodzi, ndipo n'zotheka.

Choncho pempho langa likupita kwa inu akuluakulu amene mumafunsidwa nzeru. Musanatchule dzina la Linux amene mumamukonda, mufunseni munthuyo kuti kompyutayo amagwirira ntchito yanji, ndi mapulogalamu ati awiri kapena atatu amene amadyerapo. Muikireni maziko okhazikika, Debian stable, Ubuntu LTS kapena Mint. Mapulogalamu amene amadyerapowo mupezereni atsopano kudzera ku backports kapena Flatpak, ena onse asiyeni mmene abwerera. Muphunzitseni kuti zigamba za chitetezo sazengereza nazo, ndiponso kuti asanasinthe chachikulu azisunga kaye chithunzi cha makina ake ndi chida ngati Timeshift, mafayilo ake n'kuwakopera pena.

Ndipo mukamatchula mawu aja, muziwamasulira moona. Muzinena kuti, "Ichi sichisintha kwa zaka ziwiri, zabwino zake ndi zilema zake zomwe." Munthu akamva choncho asankha yekha ali maso. Ena adzati zili bwino, ndi zimene ndikufuna, ndipo adzakhala atasankha bwino. Ena adzafunsa kuti nanga chikalata changa chikakana kutseguka ndidzatani, ndipo funso limenelo liyenera kuyankhidwa ndi njira yeniyeni. Kumuuza munthu kuti adikire Debian wotsatira pamene kasitomala waima pakhomo ndi kumuthawa, ngakhale mutakunena mwaulemu chotani.