Kodi Dzina la Kumsana Lidzamukwana Akadzakula?

Mchombo ukagwa, mayi ndi khanda natuluka m'chikuta, nkhani imene imatsala pakhomo ndi ya dzina. Kale udindo umenewu unali wa agogo, azakhali kapena amalume, koma masiku ano makolo achinyamata ambiri amachokera nalo kuchipatala dzina atasankha kale. Mayina amene ena akuwakonda kwa ana aakazi ndi aafupi, otsekemera pakamwa, onga aja osangalatsira mwana akamalira: Bebi, Switi, Mimi, Pinki. Agogo akamva amagwira pakamwa, nafunsa kuti: kodi mwanayu akadzakhala mphunzitsi wamkulu, nyakwawa, kapena apongozi a munthu, adzamuitanabe kuti Switi?

Kunena zoona, makolo akale nawonso sankaopa mayina achilendo. Mwana wobadwa pa nthawi ya njala kapena ya mikangano ankatchedwa Mavuto, wobadwa bambo ake atatsikira kulichete ankatchedwa Masiye, ndipo mayi amene ana ake ankamwalira motsatizana ankapatsa khanda dzina lonyoza poganiza kuti imfa ilambalala. Koma dzina la paubwana silinali la moyo wonse. Linali ngati mbereko, imene mwana amaisiya akayamba kuyenda. Mtsikana akatuluka kuchinamwali ankalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi lakale lija kunali kumunyoza. Akakula ankalemekezedwa ndi mfunda wake, kuti Nabanda, Naphiri kapena Nambewe, ndipo akabereka ankakhala amake a Chisomo. Mkazi mmodzi ankavala mayina atatu kapena anayi, lililonse pa msinkhu wake.

Chimene chasintha ndi pepala. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, pa gawo 23, amapatsa mwana aliyense ufulu wokhala ndi dzina lake, dzina la banja ndiponso unzika. Lamulo la kalembera wa dziko linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015, kukakamiza kuti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu opitirira 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire ziphaso zaunzika. Ku Zambia nakonso munthu amatenga chiphaso chake, cha NRC, akakwanitsa zaka 16. Tsono dzina limene mlangizi wa zaumoyo walemba m'buku la kusikelo ndi lomwelo limene limapita m'kaundula wa sitandade 1, pa mayeso a MANEB, pa chiphaso, kubanki ndi pa nambala ya foni yolandirira ndalama. Alimi anaona okha mu 2020, pamene chiphaso chaunzika chinakhala chofunika pogula feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, kuti dzina la papepala ndilo limalankhula pamzere.

Apa ndi pamene vuto limayambira. Mtsikana amene anzake akumuseka kusekondale chifukwa cha dzina lachibwana amangodzisankhira lina, nalilembetsa pa mayeso. Zaka zikapita, satifiketi ya MSCE imanena china, chikalata cha kubadwa china, chiphaso chinanso. Pofunsira ntchito ya unamwino kapena potsegula buku kubanki, amamuuza kuti mapepalawo ndi a anthu awiri osiyana. Kukonza zimenezi kumafuna kalata zolumbira ndi maulendo opita kuboma, ndipo kwa banja la kumudzi ndalama ya ulendo umodzi wokha ikhoza kufanana ndi mtengo wa nkhuku zingapo.

Komabe kungakhale kunama kunena kuti dzina lachilendo kapena lofupikitsa limatsekera mkazi njira. Woimba wotchuka wa ku South Africa, Miriam Makeba, amene anabadwa mu 1932, dzina lake lina linali Zenzile, lochokera ku mawu otanthauza kuti "wadzichitira wekha". Dzinalo silinamulepheretse kuimirira pamaso pa bungwe la United Nations mu 1963 ndi kudzudzula tsankho la m'dziko lake. Winnie Madikizela-Mandela anadziwika padziko lonse ndi dzina lofupikitsa, pamene mayina ake enieni anali Nomzamo Winifred. Munthu ndiye amalemeretsa dzina. Koma amayi awiriwa anali ndi mwayi umodzi wofanana: anali ndi mayina oposa limodzi, ndipo ankatha kugwiritsa ntchito loyenera pamalo pake. Mwana amene papepala palembedwa Bebi yekha alibe kothawira.

Palinso china chofunika kuchilingalira. Si kawirikawiri pamene mwana wamwamuna amapatsidwa dzina la mtundu umenewu. Makolo akamatcha mnyamata amaona kale bambo wa mawa, koma akamatcha mtsikana nthawi zina amangoona kachidole kokongola ka lero. Chikhalirecho mtsikanayo ndi amene adzasunge bokosi la ndalama kubanki ya m'mudzi, adzatsogolere kalabu ya alimi, mwinanso kupikisana nawo pa mpando wa khansala. Dzina lake lidzawerengedwa mokweza pabwalo la mfumu, pamaso pa anthu amene sanamuone ali khanda.

Njira yosavuta ilipo, ndipo silira ndalama. Dzina lachikondi likhale la pakhomo, amayi ndi abambo aziliitana mmene angafunire. Papepala palembedwe dzina loti likhoza kukula naye mwanayo, monga Tadala, Mphatso, Chikondi kapena Thokozani, ndipo ngati makolo sangathe kusiyana ndi Mimi, likhale lachiwiri. Asanalembetse, ayambe alitchula mokweza ngati akuitana mwana wa sukulu, kenaka mayi wa zaka 40 pa msonkhano, pomaliza gogo wa imvi. Likamveka bwino ponseponse, dzinalo lakhwima.

Alangizi a zaumoyo, anamwino ndi mafumu, amene amathandiza kudzaza mafomu a ana obadwa kumene, alibe mphamvu yosankhira makolo dzina, ndipo sayenera kuseka limene lasankhidwa. Chimene angachite ndi kufunsa mwaulemu ngati limenelo ndilo dzina lenileni kapena longoitanira, kuwerengera makolo mokweza zimene zalembedwa, ndi kuwakumbutsa kuti kalembedwe kake kakhale kamodzimodzi m'buku la kusikelo, kusukulu ndi kutchalitchi kapena kumzikiti. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Mphindi ziwiri za funso limeneli pa tsiku lolembetsa zikhoza kupulumutsa mtsikana ku maulendo ambiri a kuboma zaka 20 zikubwerazo.