Wofufuza azionetsanso njira imene wadutsa pakompyuta

Mu 2010, akatswiri awiri otchuka a zachuma ku America, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, analengeza zomwe anapeza pa kafukufuku wa ngongole za maboma. Anati ngongole ikapitirira 90 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka, chuma chimasiya kukula, ndipo pa avareji chimabwerera m'mbuyo ndi 0.1 peresenti. Andale ku America ndi ku Ulaya anaigwiritsitsa nambalayo pofuna kudula ndalama zimene maboma amawononga. Patatha zaka zitatu, wophunzira wina wa pa University of Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, anayesa kubwereza masamu omwewo monga ntchito ya m'kalasi koma sankafika pa yankho lawo. Atawapempha, eni akewo anamutumizira fayilo yawo ya Excel. Iye ndi aphunzitsi ake, Michael Ash ndi Robert Pollin, anapeza kuti fomula ina inasiya kunja mayiko asanu: Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Anatsutsanso kusiyidwa kwa zaka zina ndi mmene avareji inawerengedwera. Atakonza zonsezi, chuma cha mayiko a ngongole zambiriwo chinaoneka kuti chimakula ndi 2.2 peresenti. Reinhart ndi Rogoff anavomera cholakwa cha mu Excel, koma anakana zinazo, n'kuumirira kuti ngongole yaikulu imayendabe limodzi ndi kukula kochedwa.

Aliyense atha kusankha mbali yake pa mkangano umenewo. Chimene sichingatsutsidwe n'chakuti cholakwacho chinaoneka chifukwa fayilo inatuluka m'manja mwa eni ake. Ikanakhalabe m'kompyuta mwawo, akatswiri akanangotsutsana ndi pakamwa.

Masiku ano kusanthula kozama kwa ziwerengero kumachitika kwambiri m'mapulogalamu ngati Stata, R ndi SPSS. Wodziwa ntchito salimbana ndi kudina mabatani. Amalemba malangizo mzere ndi mzere, zimene ogwiritsa ntchito Stata amati do-file ndipo a R amati script, ndipo kompyuta imatsatira kuyambira pa kuyeretsa deta mpaka pa tebulo lomaliza. Malangizo amenewa ndiwo mbiri yeniyeni ya kafukufuku. Lipoti limangonena kuti "tinachotsa mayankho osakwanira". Do-file imanena kuti anachotsedwa ndani, angati, ndiponso pa chifukwa chiti.

Mwambo wogawana malangizowa ndi wakale ndithu. R inayambitsidwa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku University of Auckland, ku New Zealand, ndipo imaperekedwa ulere. Nkhokwe yake ya CRAN, yomwe inatsegulidwa mu 1997, lero ili ndi zida masauzande ambiri zolembedwa ndi ofufuza wamba. Stata, yomwe inayamba mu 1985, ndi yogulitsa, komabe ogwiritsa ntchito ake amaikira anzawo malangizo awo mu nkhokwe ya SSC ya ku Boston College. Njira yovuta imene katswiri wina analimbana nayo miyezi, wophunzira wa ku Zomba kapena ku Bunda atha kuitsitsa pa intaneti m'mphindi zochepa.

Phindu lake kwathu kuno limaoneka bwino pa deta ya Malawi Demographic and Health Survey (DHS), kafukufuku amene ofesi ya National Statistical Office yakhala ikuchita kuyambira 1992. Pa kafukufuku wotere, anthu sasankhidwa mofanana m'dziko lonse. Boma la anthu ochepa ngati Likoma limapatsidwa ofunsidwa ochulukirapo kuposa gawo lake lenileni, kuti nalonso likhale ndi ziwerengero zodalirika. N'chifukwa chake mayi aliyense wofunsidwa amakhala ndi nambala yosonyeza kuti akuimira anthu ochuluka bwanji. M'fayilo ya amayi nambalayi imatchedwa v005, ndipo iyenera kugawidwa ndi 1,000,000 isanagwiritsidwe ntchito. Komanso ofunsidwa amatengedwa m'timagulu ta m'dera limodzi, ndipo anthu oyandikana amakonda kufanana, choncho pulogalamu iyenera kuuzidwa zimenezi, monga kudzera mu svyset ya mu Stata. Munthu akaiwala, kompyuta siidandaula. Imatulutsa tebulo looneka bwino, koma maperesenti ake ndi opotoka ndipo amaoneka otsimikizika kuposa mmene alili. Bungwe la DHS Program linaika pa webusaiti ya GitHub malangizo owerengera zizindikiro zake, moti wophunzira atha kuona mmene chiwerengero cha ana opinimbira kapena cha amayi olera chimapezekera, n'kufanizira ndi chake. Mphunzitsi mmodzi sakanatha kukhala pansi ndi aliyense kuti amuonetse zonsezi.

Nanga bwanji ambiri amakanabe kugawana? Zifukwa zawo si zopepuka zonse.

Cholemera kwambiri n'chakuti wogawana ndiye amalangidwa, wobisa n'kukhala pa mtendere. Mu 2004, Edward Miguel ndi Michael Kremer anasindikiza kafukufuku wa m'sukulu 75 za ku Busia, kumadzulo kwa Kenya, wosonyeza kuti mankhwala a njoka za m'mimba anachepetsa kujomba kwa ana. Pambuyo pake anapereka deta ndi malangizo awo kwa ofufuza a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, omwe mu 2015 analengeza kuti apeza zolakwika zingapo. Chimodzi chinali pa kuwerengera sukulu zoyandikana pofuna kuona ngati phindu la mankhwala limafalikira kwa ana a patali. Miguel ndi Kremer anavomera zolakwikazo koma anati mfundo yaikulu ikadali chiimire. Mkangano unakula, unafika m'manyuzipepala, ndipo owerenga ambiri anangomva kuti kafukufuku uja wagwa. Kremer analandirabe mphotho ya Nobel mu 2019. Koma taganizirani wofufuza wachinyamata amene alibe dzina lomuteteza, ataona akuluakulu akukokedwakokedwa chonchi. Angafulumire kutsegula mafayilo ake? Mantha amenewa ndimawamvetsa. Komabe yankho lake silingakhale kubisa, chifukwa ana a ku Busia ndi a kwina kulikonse amafunika kuti zoona za mankhwalawo zidziwike. Chofunika kusintha ndi mmene timalandirira cholakwa chopezeka. Magazini ena ayamba kufafaniza kusiyana kwa wogawana ndi wobisa: a American Economic Association amafuna kuti aliyense apereke malangizo ake, ndipo ali ndi mkonzi woyang'ana ngati akutulutsadi zomwe zalembedwa. Lamulo likakhudza onse, wogawana sakhalanso yekha pa mbalambanda.

Chachiwiri ndi chinsinsi cha ofunsidwa. Mayi amene anaulula za kachilombo ka HIV kapena za nkhanza za m'banja anatero atalonjezedwa kuti sadzadziwika, ndipo m'mudzi waung'ono msinkhu, chiwerengero cha ana ndi ntchito ya mwamuna n'zokwanira kumuloza. Ndi chifukwa chake DHS imasuntha dala malo a GPS mpaka makilomita 2 m'tauni ndi makilomita 5 m'midzi yambiri, ndipo wofuna deta amayamba walembetsa. Apa palibe chotsutsa. Kungoti deta ndi malangizo ndi zinthu ziwiri. Do-file yolembedwa mosamala ilibe yankho la munthu aliyense, choncho ikhoza kuikidwa poyera pamene deta ili yotsekeredwa. Ena amabisala kuseri kwa chinsinsi cha ofunsidwa pamene chimene akuopa ndi maso a anzawo.

Chachitatu chimandidetsa nkhawa kuposa mmene ochirikiza kugawana amachionera. Malangizo otoleredwa pa intaneti amayenda ngakhale m'manja mwa wosawamvetsa. Munthu atha kukopera njira yapamwamba, kusintha mayina awiri atatu, n'kutulutsa matebulo oti ngakhale iye mwini sangawafotokoze. Mbewu yobereka bwino ku Thyolo si kuti ichitanso bwino ku Nsanje, ndipo njira yopangidwira deta ya odwala a chipatala chimodzi ingasokeretse munthu pa deta ya m'makomo. Kugawana kopanda kufotokoza kumafalitsa zolakwa mwachangu ngati mmene kumafalitsira luso. Amene akuika malangizo ake poyera azilembamo ndemanga zonena chifukwa chimene anasankhira njira iyi, pamene imagwira, ndi pamene singagwire. Nawo oyang'anira ophunzira azipempha do-file pamodzi ndi chaputala, n'kufunsa mwini wake kuti mzere uwu ukuchita chiyani.

Palinso za ndalama. Laisensi ya Stata kapena SPSS imalipiridwa m'ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene dola ikuvutira. Do-file ya ulere ilibe ntchito kwa amene alibe pulogalamu yoiyendetsera. Pa ichi R ili ndi mwayi woonekeratu, ngakhale kuiphunzira kumafuna khama poyamba.

Ine ndili kumbali ya kugawana, koma pali ngongole imodzi yoyenera kulipidwa. M'kafukufuku wa mgwirizano pakati pa mayiko olemera ndi osauka, ntchito yotopetsa yoyeretsa deta, yolumikiza mafayilo ndi kuthamangitsa manambala osokonekera, nthawi zambiri imagwera achinyamata a m'dziko limene deta yatengedwa. Malangizo awo akaikidwa poyera popanda dzina lawo, ena amadzakolola pomwe sanalime, iwo n'kungotchulidwa m'mawu othokoza kumapeto. Dzina la wolemba do-file lizikhala pamwamba pa fayiloyo, wogwiritsa ntchito azilitchula monga amatchulira buku, ndipo komiti yokweza anthu pa ntchito m'mayunivesite athu iziwerengera ntchito imeneyi pamodzi ndi mapepala osindikizidwa.