Msonkhano wa maola awiri, ulendo wa masiku atatu

Boma kapena kampani ikangolengeza kuti misonkhano izichitikira pa intaneti pofuna kupulumutsa ndalama, mkangano umabuka, ndipo nthawi zonse umakathera pa netiweki. Ena amati Malawi sanafike pochita misonkhano pa Zoom poti magetsi amathimathima ndipo data ndi yodula. Anzawo amangoyankha kuti maiko ena anasintha kalekale, ife tikutsalira. Onsewa akukangana ngati nkhaniyi ndi ya zipangizo, n'chifukwa chake zaka zikupita osagwirizana kanthu. Ine maganizo anga ndi akuti misonkhano yambiri ya m'maofesi mwathu, ya boma, ya makampani ndi ya mabungwe omwe si a boma, iyenera kuchitikira pa vidiyo, ndipo wofuna kusonkhanitsa anthu ku hotela ndiye azifotokoza chifukwa chake. Chimene chikutchinga kwenikweni ndi alawansi, ngakhale ambiri safuna kuitchula.

Tinayesapo kale, ndipo zinatheka. Odwala Covid-19 oyamba m'dziko muno anapezeka pa 2 Epulo 2020. Mwezi womwewo kampani ya Zoom inanena kuti olowa m'misonkhano yake pa tsiku afika 300 miliyoni, kuchoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019. Maofesi a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu nawonso anaphunzira Zoom, Microsoft Teams ndi Google Meet m'masabata ochepa. Mabodi anakumana, malipoti anaperekedwa, anthu anafunsidwa mafunso a ntchito n'kulembedwa. Netiweki ya nthawi imeneyo sinali yoposa ya lero.

Koma chaka chotsatira, kafukufuku wa momwe K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliriwo inagwiritsidwira ntchito anaonetsa kuti ina mwa ndalamayo inathera ku maalawansi, mpaka nduna ina inachotsedwa pa udindo mu Epulo 2021. Zimenezi zimandipwetekabe mtima. Pa nthawi imene anthu ankasowa mpweya m'zipatala, pa nthawi imene kuyenda kunali koopsa ndipo njira yokumanirana popanda ulendo inali m'manja mwathu, ena ankasainirabe ndalama za ulendo.

Tiyeni tiwerengere mtengo wa msonkhano umodzi. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350. Kuchoka ku Blantyre ndi oposa 300. Wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje amataya tsiku lathunthu popita, lina pobwerera. Pamafunika galimoto, dalaivala, mafuta, malo ogona, chakudya ndi holo. Mafutawo timagula kunja ndi madola omwe tikusowa pogula mankhwala ndi feteleza, ndipo aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta m'zaka zapitazi akudziwa kuwawa kwake. Boma lenilenilo linavomereza vutoli mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anaimitsa maulendo a kunja a akuluakulu a boma ndi kudula ndi theka mafuta omwe ankalandira.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa mu bajeti. Mayi wachoka kumudzi mbandakucha, walipira kabaza, wafika pa boma kuti chikalata chake chisainidwe, n'kuuzidwa kuti abwana ali ku wokishopu ku Mponela, abwerenso Lolemba. Lolemba likafika abwana apita ku Salima. Wodwala amadikira pa benchi chifukwa dokotala mmodzi yekhayo wapita kukamvetsera zimene zikanatha kunenedwa pa foni m'mphindi 40. Msonkhano womwewo ukanakhala wa pa vidiyo, bwanayo akanatseka chitseko maola awiri, n'kutsegula, n'kusaina chikalata cha mayi uja tsiku lomwelo. Kwa ine mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa zonse, ndipo m'mikangano ya pa wailesi sindiimva ikutchulidwa.

Vidiyo imatsegulanso khomo kwa anthu amene mndandanda wa ulendo umawadumpha. Mayi woyamwitsa sangasiye mwana masiku atatu. Wogwira ntchito wamng'ono amene amadziwa bwino nkhaniyo nthawi zambiri amatsala, bwana wake n'kupita kukalankhula zimene wangozimva. Pa intaneti onsewa akhoza kulowa popanda wina kuwerengera mipando ya m'galimoto.

Onaninso amalonda. Mayi wogulitsa zovala ku Limbe kapena mu msika wa Tsoka amaimba vidiyo ya WhatsApp kwa womugulira katundu ku Dar es Salaam, Johannesburg kapena Guangzhou. Amaona nsalu, amanenerera mtengo, amatumiza ndalama. Netiweki yake ndi ya Airtel ndi TNM yomweyo, magetsi ake ndi a ESCOM omwewo. Foni ikaduka amaimbanso. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama ya ulendo ikanachoka m'thumba mwake.

Tsono otsutsa amati chiyani? Choyamba, magetsi ndi netiweki. Vutolo lilipodi. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo amaunikira ndi magetsi. Koma opita ku mawokishopu a ku nyanja si a m'mabanja opanda magetsiwo. Ndi anthu a m'maofesi a pa boma ndi a m'mizinda, okhala ndi laputopu ndi mafoni awiri. Netiweki ikafooka, kuzimitsa kamera n'kutsala ndi mawu okha kumadya data yochepa pafupifupi kakhumi. Kuyambira 2023 kulinso Starlink yofika ngakhale kumene nsanja za mafoni n'zotalikirana. Ndalama ya mafuta a galimoto imodzi yochoka ku Karonga kupita ku Lilongwe n'kubwerera ingagule data ya misonkhano yambirimbiri. Kugwiritsa ntchito umphawi wa anthu akumudzi ngati chifukwa chokagonera ku Mangochi n'kosayenera.

Chachiwiri, amati pa Zoom anthu samvetsera: amatseka maiki ndi kamera n'kumachita zina. N'zoona. Koma amene anakhalapo mu holo ya hotela nkhomaliro itatha akudziwa kuti mipando imachepa anthu pepala la alawansi likangozungulira. Kusamvetsera kumachokera kwa wapampando amene alibe ndondomeko, amene amaitana anthu 60 pa nkhani ya anthu asanu ndi mmodzi.

Mfundo yachitatu ndiyo ndimailemekeza. Pali zinthu zofuna kuonana maso ndi maso. Mu 2022 Melanie Brucks ndi Jonathan Levav anasindikiza mu magazini ya Nature kafukufuku woonetsa kuti anthu okambirana pa vidiyo amatulutsa maganizo atsopano ochepa kusiyana ndi okhala m'chipinda chimodzi. Jeremy Bailenson wa ku Stanford analembanso mu 2021 za kutopa kobwera chifukwa choyang'anizana ndi nkhope pa sikirini nthawi yaitali. Kuno kwathu tingawonjezepo zathu: mkangano wa malo pamaso pa mafumu, kuphunzitsa azamba ntchito ya manja, mlandu wa wantchito amene akhoza kuchotsedwa, kukumana koyamba ndi munthu amene mukufuna kuchita naye malonda. Zimenezi zisapite pa Zoom. Komabe kafukufuku wa Brucks ndi Levav yemweyo anapeza kuti pa kusankha ganizo labwino mwa omwe alipo kale, vidiyo siichepetsa kanthu. Nanga misonkhano yathu yambiri ndi yotani? Kuunika lipoti la miyezi itatu, kuvomereza bajeti, kumva momwe ntchito ikuyendera. Imeneyo ndi misonkhano yosankha ndi kuvomereza, yomwe vidiyo imaikwanitsa bwino lomwe.

Titsale ndi alawansi. Sindinyoza wogwira ntchito m'boma amene amadalira wokishopu kuti alipire fizi ya mwana kapena lendi. Malipiro ndi ochepa, ndipo kugwa kwa kwacha kunawadya kwambiri. Amene amanena zimenezi poyera ndi woona mtima kuposa amene amabisala kumbuyo kwa netiweki. Koma alawansi ndi njira yokondera yowonjezerera malipiro. Mphunzitsi wa ku pulayimale ya kumudzi, namwino wa usiku, mlangizi wa zaumoyo woyenda pa njinga, saiona kawirikawiri. Imazungulira mwa anthu omwe ali pafupi ndi wolemba mndandanda, ndipo imaphunzitsa achinyamata olowa kumene ntchito kuti phindu lili pa kuchoka pa desiki. Ngati ndalama yopulumutsidwa pa maulendo ingalowe m'malipiro a onse, poyera, ambiri odana ndi Zoom lero angasinthe maganizo. Eni mahotela a ku nyanja nawo adzadandaula, ndipo antchito awo ndi abale athu, koma ntchito yokopa alendo singakule podalira msonkho wa anthu wobwera kudzera m'mawokishopu.

Zofunika kuchita n'zochepa. Olemba anthu ntchito azigula data ndi kuika intaneti yodalirika, batire kapena sola pa ofesi iliyonse ya pa boma, m'malo mouza wantchito kuti alowe pa Teams ndi ndalama yake. Chipinda chimodzi chokhala ndi sikirini ndi sipika yabwino chikwanira dipatimenti yonse. Ndipo pa fomu yopempha ndalama za msonkhano wa ku hotela pakhale funso loti wopemphayo alembe chimene chikulepheretsa kuti nkhaniyo ikambidwe pa vidiyo, yankho lake lizionedwa ndi owerengera ndalama za boma chaka chikatha.