Ng'oma Zathu Zilibe Nambala, Tizilembere Mbiri Eni Ake Akadali Moyo

Kumaiko a azungu kuli anthu amene ntchito yawo, ndiponso chikondwerero cha mtima wawo, ndi kufufuza zaka za ng'oma zakale za mabandi. Ndipo munthu wotere ukamuikira ng'oma patsogolo, sathamangira kuiomba kuti amve kulira kwake, koma amayamba waitembenuza, nayang'ana kachitsulo kokhomedwa pambali pake, pamene padalembedwa dzina la kampani ndi nambala ya ng'omayo. Kampani ya Ludwig, imene idayamba ku Chicago m'chaka cha 1909, idakhala zaka zoposa 50 ikupanga ng'oma zopanda nambala, kufikira cha m'ma 1963 ndi 1964, nyengo imene Ringo Starr wa gulu la Beatles adaonekera pa wailesi yakanema ku America akuomba ng'oma za kampaniyo, anyamata a dziko lonselo nayamba kuzilimbirana. Ndipo cha m'ma 1969 kampaniyo idasinthanso kachitsulo kaja, kotero kuti wodziwa akangoona maonekedwe ake, nasuzumira m'kati kuona utoto ndi chidindo cha tsiku, amatchula chaka osaphonya kwambiri. Ofufuzawo eni ake amavomera kuti nambala payokha imanamiza nthawi zina, pakuti antchito a m'fakitale ankangotapa tizitsuloto m'bokosi osatsata ndondomeko. Komabe pamene ng'oma zina za Ringo Starr zidagulitsidwa m'chaka cha 2015 pa mtengo woposa madola 2 miliyoni, wogulayo adalipira mbiri yake, chifukwa matabwa ndi zitsulo zokhazo sizikadafika pamenepo.

Tsono ife kuno ku Lirangwe, ndi m'midzi yonse yotsetsereka mpaka ku Chileka, tili nazo ng'oma zimene zidalira pa maliro a mafumu, pa zinamwali za amayi athu ndi pa madyerero a masika kwa zaka zosawerengeka, koma ukafunsa wozisunga kuti gunda uyu adasemedwa liti, ndipo adamsema ndani, yankho lake limakhala limodzi paliponse: "Ameneyu ndi wakalekale, ifenso tidangomupeza." Ine ndikuti yankho limeneli, ngakhale limatuluka ndi ulemu, ndi umphawi umene tikudzichititsa tokha, ndipo nthawi yoti tiuthetse ndi inoyi, pamene okalamba odziwa zinthuzi akadali pakati pathu.

Sindikunena kuti ng'oma yachikuda ilibe zizindikiro. Mmisiri wokhwima mukampatsa mpanje kuti aunene zaka, amaugoneka pansi, nalowetsa mkono kumsana kwake, napapasa m'kati. Ndipo zala zake zimamuuza ngati mphakoyo idakumbidwa ndi kasemasema wosulidwa kumudzi, amene amasiya mabala aafupiafupi osalingana, kapena ndi chitsulo chogula kusitolo, chimene chimadula mosalala. Akatero amapala pang'ono ndi chikhadabo kuti aone mtengo: ukakhala mlombwa, mtondo kapena muwale wonenepa bwino, amadziwa kuti udagwetsedwa masiku amene mitengo yotere idali yosasowa kuno, makala asanasese mapiri athu; koma ukakhala malaina, mtengo wobwera umene udafala m'masiku a atsamunda ndi pambuyo pake, sangakhulupirire munthu womuuza kuti ng'omayo idaona nkhondo za Angoni. Koma chimene amachiyang'anitsitsa koposa ndi mlomo wa ng'oma, pansi pa mphepete mwa chikopa, pamene pamakhala mabowo a zikhomo. Chikopa chimatha, chimang'ambika, mbewa zimachidya, ndipo akamawamba china, kawirikawiri mmisiri amaboola malo atsopano. Chotero ng'oma imene ili ndi mizere itatu kapena inayi ya mabowo, ena otsekedwa ndi zotsalira za zikhomo za mtengo, ena akuda ndi dzimbiri la misomali, ikuchitira umboni kuti yadutsa m'manja mwa mibadwo. Pomalizira amaona pamene thupi lidasalala ndi thukuta la ntchafu za oomba, ndi pamene lidawauka chifukwa cha moto wa udzu umene anyamata amawambirapo ng'oma usiku wa gule kuti mawu akwere.

Nzeru imeneyi ndi yaikulu, ndipo ndiipatsa ulemu wake. Koma ili ndi malire. Imakuuza kuti ng'oma iyi ndi yakale kuposa iyo, osakuuza chaka. Imakuuza mtengo, osakuuza mudzi. Chikopa chimene chilipo lero chikhoza kukhala cha mbuzi yophedwa chaka chatha pa thupi losemedwa agogo athu asanabadwe, ndipo phula wopakidwa pakati pa mbalule amachotsedwa ndi kuikidwa wina nthawi ndi nthawi. Choipa koposa n'chakuti alipo amalonda ena a zosemasema amene adaphunzira kukalambitsa ng'oma m'sabata zochepa: amaipachika kukhitchini kuti idye utsi ndi mwaye, naipaka polishi wa nsapato, naikhulakhula ndi mchenga, kenaka n'kuigulitsa kwa mlendo wothamangira ndege ku Chileka, akumuuza kuti idali ya mfumu yakutiyakuti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pamene yabodza ikugulidwa mtengo wa yeniyeni, yeniyeniyo, imene ikadayenera kukhala chuma cha mudzi, mdzukulu wosadziwa amaipereka pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga, monga Esau adachitira ndi ukulu wake chifukwa cha mphodza.

Nambala yeniyeni ya ng'oma zathu ili m'mitu ya okalamba, ndipo njira yoitulutsira ilipo, malinga wofunsayo akhale wodekha. Gogo amene sangakuuzeni chaka adzakuuzani chochitika. Adzati, "Gunda ameneyu adasemedwa njala itangotha," ndipo kuno ku Lirangwe ndi ku Lunzu, kumene njala ya 1949 idakantha koopsa, palibe wokalamba amene angaisokoneze ndi ina. Wina adzati chikopa choyamba chidali cha ng'ombe yophedwa atsibweni atabwera ku Joni ulendo womaliza, ndipo tikudziwa kuti ulendo wa Wenela udaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha abale athu ambiri. Zochitika zina zothandiza kuwerengera zaka zilipo zambiri. Njanji yodutsa pa siteshoni yathu kupita ku Salima idatha kumangidwa m'chaka cha 1935. Chitaganya chidayamba 1953. Anthu adamangidwa mwaunyinji mu Malichi 1959. Ufulu udadza 1964. Mapaundi ndi masheleni adasanduka makwacha ndi matambala m'chaka cha 1971. Riferendamu idachitika 1993. Mukamva kuti mmisiri adalipidwa masheleni, mwadziwa kale kuti ng'omayo yapitirira zaka 50. Ngakhale ng'oma za m'matchalitchi zili ndi poyambira pake, pakuti mu Mpingo wa Katolika zidayamba kuloledwa pa Misa msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatha, ndipo alipo akhristu amene akukumbukira Lamulungu loyamba limene ng'oma idalira m'nyumba ya Mulungu, ena akukondwa, ena akung'ung'udza.

Wina asaganize kuti ntchito yolemba zotere ndi yachilendo m'dera lathu. Hugh Tracey, amene adakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo za mu Africa ku South Africa m'chaka cha 1954, adayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, kuphatikizapo ng'oma za likhuba za ku Chigwa cha Shire. Ndipo chimene chimapatsa ntchito yake mtengo lero n'chakuti pa nyimbo iliyonse ankalemba malo, chaka, mtundu wa anthu ndi dzina la woimba. Pafupi pathu pomwe pano, m'mudzi wa Singano ku Chileka, mudachokera Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, amene Gerhard Kubik wa ku Vienna adakumana nawo ku Blantyre m'chaka cha 1967 akuimba m'misewu ndi gitala, chitoliro ndi zoimbira zodzipangira okha. Daniel adatisiya 1987, Donald 2001, koma chifukwa chakuti zonse zidalembedwa ndi masiku ake, mwana wa ku yunivesite ya ku Ulaya angathe kukuuzani chaka chimene nyimbo yakutiyakuti idapekedwa. M'mudzi womwewo Dr Moya Aliya Malamusi adayambitsa ntchito yosonkhanitsa nthano, nyimbo ndi zipangizo zamakolo, chilichonse ndi mbiri yake. Ngati mudzi umodzi wa ku Chileka udatha kutero, n'chiyani chingaletse midzi ya kwa Lundu, kwa Chigaru, kwa Kuntaja ndi kwa Kapeni?

Ndikudziwa chimene akuluakulu a kudambwe anganene, ndipo sindichipeputsa: kuti zinthu zina sizilembedwa, ndi kuti buku likagwa m'manja mwa osameta limaulula zosayenera. Zoonadi, Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza m'chaka cha 2005, ali ndi zinsinsi zake, ndipo ine sindikupempha kuti ziululidwe. Koma dzina la wosema, mtundu wa mtengo, phiri limene udagwetsedwa ndi mfumu imene inkalamulira nthawiyo si zinsinsi za kumanda. Ndipo ngati eni mzinda akuopa, bukulo lisungidwe ndi iwo eni, m'nyumba ya mfumu, osatulutsidwa. Enanso adzati ng'oma ndi chipangizo chabe, ikasweka tisema ina. Mawu amenewa adali oona kale, pamene munthu ankatuluka m'mawa ndi nkhwangwa nabwera madzulo ndi chipika cha mlombwa chokwanira gunda. Koma aliyense woyenda pa msewu wa Zalewa, amene amaona njinga zosenza matumba a makala zikukwera kupita ku Blantyre m'bandakucha, akudziwa kuti mtengo wotero sukupezekanso pafupi, ndi kuti ng'oma zazikulu zimene zatsala m'midzimu sizidzakhala ndi zolowa m'malo mwake m'masiku athu.

Chimene ndikupempha n'chochepa, sichifuna thandizo la kunja kapena msonkhano wa kuhotela. Mfumu iliyonse, mkulu wa mpingo aliyense, mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ili ndi ng'oma za beni kapena za tchopa, agule kope limodzi. Ng'oma iliyonse aipatse nambala, ailembe ndi chitsulo chamoto m'kati mwa thupi, kumene sikuoneka ndiponso sikuononga mawu. Ndipo m'kopemo alembe nambala yomweyo, dzina la ng'oma, wosema, mtengo, kutalika kwake, chochitika chimene okalamba akuchikumbukira, ndi dzina la wochitira umboni. Wa foni ajambule chithunzi. Akawamba chikopa chatsopano, alembe tsiku. Amene ali ndi ng'oma zachizungu zakale m'masukulu ndi m'mipingo, monga za kampani ya Premier ya ku England, imene idayamba 1922, asazule kachitsulo ka dzina ndipo asakapake penti. A Nyumba Yosungira Zakale ya ku Chichiri, imene idatsegulidwa 1966, ali pa mtunda wa ulendo umodzi wa minibasi kuchokera pano, ndipo ndi udindo wawo kutuluka mu ofesi, kubwera kudzaphunzitsa alembi a mafumu kalembedwe koyenera, ndi kukumbutsa anthu kuti malamulo a dziko lino salola kutulutsa zinthu zamakedzana kunja popanda chilolezo.

Inu mafumu athu a ku Lirangwe, eni nthaka, ndagwira mwendo wanu: Loweruka likudzali itanani nkhalamba ziwiri kapena zitatu pabwalo, tulutsani ng'oma zonse za m'mudzi, ndipo mwana wa sukulu wodziwa kulemba bwino akhale pambali ndi kope ndi cholembera.