ZA PA KHOMO PATHU: Gitala ya Amalume Ikuliranso

Amalume athu atatisiya ku Kabwata, tinapeza pamwamba pa kabati gitala ya besi yoyendera magetsi, yokulungidwa m'citenje. Nsambo ziwiri mwa zinayi zinali zoduka, khosi lopindika, zitsulo zonse zadzimbiri. Ena m'banja anati tikaigulitse ku msika wa Soweto pa mtengo uliwonse. Koma amayi athu, mlongo wao wa malemuwo, anakana nati: "Gitala imeneyi ndiyo inakulipirirani sukulu."

Amayi sananame. M'zaka za m'ma 1970 magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anagwedeza dziko ndi nyimbo za Zamrock, ndipo anyamata ambiri a mu Lusaka, amalume athu omwe, anadyetsa mabanja ao poimba usiku m'mahotela. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, koma mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anaika cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family m'nyimbo yace yochedwa Noid. Cimene ife tiyesa cakutha, akunja aciyesa cuma.

Tivomere kuti tinayamba molakwa. Tinagula sandipepala ndi penti yofiira kuti gitala ioneke yatsopano. Mwamwayi tinayamba taionetsa kwa mmisiri wina wacikulire wa ku Chelstone, amene anatiletsa msanga. Anatilozera pamene penti inafufuka cifukwa ca mkono wa amalume, natiuza kuti gitala yakale ikapentedwanso mtengo wace umatsika, ndipo cizindikiro ca mwini wace cimafafanizika.

Nchito yeniyeni inali ya m'kati. M'khosi mwa gitala muli kamtengo kacitsulo kowongolera khosilo. Mmisiriyo anamasula nsambo, napotoza kacitsuloko pang'ono cabe, nadikira tsiku lathunthu asanakakhudzenso. Wocita mwaphuma amakathyola. Pansi pa nsambo pali maginito okulungidwa ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi, wozungulira kambirimbiri. Amenewa ndiwo amatola kunjenjemera kwa nsambo ndi kukutumiza ku ampulifaya. Sanawacotse ai. Anangolumikizanso mawaya oduka, natsuka timabatani tamau timene tinali kukhwekhwereza, napukuta dzimbiri, namanga nsambo zatsopano. Zonsezi zinatenga masabata atatu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku limene gitala inalira, amayi anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anayamba kuchula maina a anzao a amalume amene anatsogola kale.

Ngati m'nyumba mwanu muli coimbira cotere, musacisiye pa simenti kapena pa khoma lonyowa m'nyengo ya mvula, ndiponso cisawombedwe ndi dzuwa la mu Okutobala. Musanacipente kapena kucigulitsa, funsani akulu mbiri yace. Yathu tsopano ili m'manja mwa mdzukulu wa amalume, amene akuphunzira kalindula.