Chuku m'Chakudya cha Ziweto: Phunziro la ku Zambia kwa Alimi a ku Liwonde

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2024, nduna ya zaumoyo m'dziko la Zambia pa nthawiyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anali atafa m'mwezi umodzi wokha chifukwa chodya chakudya chopangidwa kuchokera ku chimanga choipa. Boma litatenga ufa m'makampani ogaya chimanga ndi kukaupima, linapeza kuti pafupifupi theka la zitsanzo 25 zimene linatengazo linali ndi poizoni wochuluka wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amachokera ku chuku. Mwansangansanga boma linalamula kuti ufa ndi chakudya cha agalu zokhudzidwazo zichotsedwe m'misika.

Ambiri kuno kwathu anamva nkhaniyi ngati ya agalu a anthu olemera a ku Lusaka. Koma chimanga chimene chinapha agaluwo chinadutsa m'zigayo zomwe zimagayanso ufa wa nsima ya anthu, ndipo imfa ya agaluwo ndiyo inachititsa kuti ufawo upimidwe. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Nyengo imene inabala vutoli ku Zambia ndi yomweyo imene inatikuta ife kuno ku Machinga ndi ku Balaka, choncho nkoyenera kuti tidzifunse za zimene tikuthira m'makola mwathu.

Kodi chuku nchiyani?

Chuku ndi tizomera tating'onoting'ono ta m'gulu la nkhungu timene timakhala m'nthaka ndi m'zinyalala za mbewu. Mtundu woopsa kwambiri akatswiri amautchula Aspergillus flavus, ndipo umakonda chimanga, mtedza, mapira, njere za thonje ndi chinangwa chouma. Ukamakula m'njere umatulutsa poizoni uja. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo njere yooneka bwino kunja ikhoza kukhala nayo m'kati, monga muja amanenera za chikomekome cha mkuyu. Moto wa m'khitchini sumuononga: kuphika, kukazinga ngakhale kuwiritsa kwa nthawi yaitali kumapha chuku chenichenicho, koma poizoni amatsala.

Dziko lapansi linamudziwa poizoniyu kudzera m'ziweto. M'chaka cha 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England ndi matenda amene poyamba sanadziwike. Patapita nthawi zinapezeka kuti gwero lake linali chakudya cha ziweto chopangidwa ndi zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2011 agalu oposa 200 anafa m'chigawo cha Gauteng ku South Africa atadya chakudya chotsika mtengo cha m'matumba. Anthu nawo sanapulumuke. Mu 2004 ku Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chokolola okha chimene chinasungidwa chisanaume. Mu 2016 anthu 20 anamwaliranso ndi poizoni yemweyu m'chigawo chapakati cha dziko la Tanzania.

Imfa zadzidzidzi ngati zimenezi zimamveka patali, koma chionongeko chachikulu chimachitika mwakachetechete. Munthu amene amadya poizoni wochepa kwa zaka zambiri chiwindi chake chimaonongeka pang'onopang'ono. Bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika aflatoxin m'gulu loyamba la zinthu zimene nzotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Chiopsezo chimakula kwambiri mwa munthu amene ali kale ndi kachirombo ka hepatitis B. Kafukufuku wa m'maiko angapo a mu Africa waonetsanso mgwirizano pakati pa poizoniyu ndi kupinimbira kwa ana.

Chifukwa chake chigwa chathu chili pa chiopsezo

Chuku chimakonda zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana: ng'amba mbewu zili m'munda, ndi chinyezi mbewu zitakololedwa. Chimanga chikafota ndi dzuwa pa nthawi yokhwima, njere zake zimang'ambika, mbozi zimaboola zisononkho, ndipo chuku chimapeza polowera. Mtedza nawo ukasowa madzi m'masabata omaliza, m'nthaka yotentha, umagwidwa usanazulidwe nkomwe. Kenaka zokolola zikanyowa ndi mvula yochedwa kapena zikaikidwa m'matumba zisanaumitsitse, chuku chimafalikira m'nkhokwe yonse.

Aliyense wokhala m'mbali mwa mtsinje wa Shire akudziwa kutentha kwa ku Liwonde, ku Ulongwe ndi ku Phalula, ndiponso momwe mvula imadukira pakati pa dzinja. Zaka zaposachedwa zatipatsa mbali zonse ziwiri za vutoli. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anamiza minda ndi kunyowetsa mbewu m'chigawo chakumwera pa nthawi imene chimanga chinali kukhwima. Chaka chotsatira kunabwera chilala cha El Niño. Pa 23 Malichi 2024, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya njala, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gululo. Chilala chomwecho ndicho chinakantha Zambia miyezi ingapo agalu aja asanayambe kufa.

Pali chinanso. Liwonde ndi mphambano ya malonda. Msewu wochokera ku Zomba kupita ku Mangochi, msewu wa ku Ntaja, wa ku Balaka komanso njanji yopita ku Nayuchi zimakumana pomwepa. M'chaka cha njala chimanga chimachokera kutali, chimadutsa m'manja mwa mavenda ambiri, chimagona m'malole ndi m'mashedi, ndipo wogula womaliza sadziwa kumene chinalimidwa kapena m'mene chinaumitsidwira.

Njira ya madeya

Mwambo wa amayi athu wokonola chimanga, kupeta, kuviika mphale ndi kuyanika ufa uli ndi phindu limene makolo athu sanalitchule ndi dzina la sayansi. Akatswiri a kuno kwathu, pakati pawo Pulofesa Limbikani Matumba wa ku sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, anaonetsa kuti njira imeneyi imachotsa gawo lalikulu la poizoni mu ufa woyera. Koma poizoni wochotsedwayo sasowa. Wambiri amatsalira m'madeya, ndipo madeya ndiwo chakudya chachikulu cha nkhumba, nkhuku, abakha, nsomba za m'maiwe ndi ng'ombe za mkaka m'midzi mwathu.

Chimodzimodzinso posankha zokolola. Mayi akatola chimanga chowola amachiponyera nkhuku. Mtedza wofota ndi wakuda umene wogula waukana umapita ku nsinjiro, ku chiponde cha pakhomo, kapena ku makina ofinyira mafuta, ndipo zotsalira zake zimagulitsidwa kwa oweta ziweto. M'maganizo athu khola ndi dzala loyenda: chimene munthu sangadye, chiweto chidya. Kuganiza kotere kumachokera ku mtima wosafuna kutaya chakudya, ndipo palibe amene angaunyoze. Komabe pa nkhani ya chuku kumatipweteka.

Ziweto zimapirira mosiyana. Abakha ndi nkhukundembo, makamaka anapiye ake, zimafa msanga. Agalu ndi nkhumba zimadwala chiwindi: zimakana kudya, zimasanza, maso ndi nkhama zimachita chikasu. Nkhuku zimapirirako, koma zimakula mochedwa, zimaikira mazira ochepa, ndipo chitetezo cha m'thupi chimatsika kotero kuti ngakhale katemera wa chitopa sagwira bwino ntchito. Mbuzi ndi ng'ombe zikuluzikulu sizifa kawirikawiri, koma zimaonda ndi kuchepetsa mkaka. Mlimi amaona ziweto zikufooka, amagula mankhwala, amakayikira mnansi wake kuti wamuchita chipongwe, osadziwa kuti vuto lili m'thumba la madeya limene lili pakona pa nyumba.

Kodi poizoniyu amabwerera kwa munthu? M'nyama ndi m'mazira amatsalamo wochepa, ngakhale chiwindi cha chiweto chimasunga wochulukirapo. Njira yaikulu ndi mkaka. Ng'ombe ikadya chakudya cha chuku, thupi lake limasandutsa poizoniyo kukhala mtundu wina wotchedwa aflatoxin M1, umene umayamba kutuluka mu mkaka pasanathe tsiku limodzi. Kuwiritsa mkaka sikumuchotsa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2021 anapeza poizoni ameneyu mu mkaka wa alimi ang'onoang'ono a kuno ku Malawi. Amene amamwa mkaka kwambiri ndi ana ndi odwala, anthu amene timafuna kuwalimbitsa. Chotonthoza nchakuti ng'ombe ikasiya kudya chakudya choipacho, mkaka wake umayera pakangopita masiku owerengeka.

Malamulo alipo, koma safika kukhola

Vuto la chuku si lachilendo ku boma. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 dziko lino linkagulitsa mtedza wa Chalimbana wambiri ku Ulaya, koma msika umenewu unatayika, ndipo china mwa zifukwa zake chinali chuku. Lero maiko a European Union salola mtedza wodya anthu wokhala ndi poizoni wopitirira magawo 4 pa biliyoni. Mu 2013 boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi chuku yotchedwa MAPAC. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi miyezo ya zakudya, ndipo malo ofufuzira zaulimi a Chitedze ali ndi zipangizo zopimira.

Tikayang'anitsitsa, khama lalikulu lakhala likulunjika ku katundu wopita kunja ndi wa m'masitolo akuluakulu. Chidebe cha madeya chogulidwa pa chigayo ku Nsanama kapena ku Utale sichidutsa m'manja mwa wopima aliyense. Ndipo pali chodabwitsa chimene sitikonda kuchitchula: pamene tikusankha bwino mtedza wotumiza kunja, ndi pamenenso wotsala kuno umakhala woipitsitsa. Wabwino umakwera sitima, wokanidwa umadyedwa ndi mwana wa mlimi ndi nkhuku zake. Ndondomeko imene imateteza wogula wa ku London koma osanena kumene zokanidwazo zipite, yagwira theka la ntchito.

Tiyeneranso kunena zoona pa za umphawi. Nkosavuta kulangiza kuti chimanga chowola chikwiriridwe, koma banja limene lakolola matumba atatu okha silingamve msanga uphungu wotere. Pa msika palibenso mphotho ya ukhondo: venda amagula pa sikelo, ndipo thumba louma bwino ndi thumba lachinyezi amazilipira mtengo umodzi, mwinanso lachinyezi limapindula chifukwa limalemera. Nchifukwa chake ena amawaza madzi pa mtedza kuti usweke msanga ndi kuti ulemere. Amene amachita zimenezi, ndiponso amene amasakaniza chimanga chowola ndi chabwino podziwa kuti chigayo chibisa zonse, adzifunse ngati angadyetse ana awo zimene akugulitsa kwa ana a anzawo.

Zoyenera kuchita

Zambiri zili m'manja mwa mlimi ndipo sizilira ndalama zochuluka. Kubzala ndi mvula yoyamba, kuthira manyowa ndi kupanga mizere ya ngonyeka kumasunga chinyontho m'nthaka, ndipo mbewu yosafota imalimbana bwino ndi chuku. Zokolola zisachedwe m'munda, ndipo zisayanikidwe pa dothi koma pa mphasa, pa lona kapena pa thandala. Mtedza uumitsidwe m'milu makoko ake asakukhudza nthaka, ndipo usathiridwe madzi pouswa. Chimanga chiyenera kuuma mpaka chinyezi chake chitsike kufika pa magawo 13 pa 100 alionse. Pali njira yapafupi yodziwira: ikani njere ndi mchere wouma m'botolo louma, tsekani, gwedezani ndi kudikira kanthawi, mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Matumba aikidwe pa mitengo, osagunda khoma, ndipo matumba osalowa mpweya a PICS amathandiza ngati chimanga chalowamo chili chouma kale. Palinso mankhwala achilengedwe otchedwa Aflasafe, amene bungwe la IITA linakonza mogwirizana ndi akatswiri a zaulimi a m'dziko muno. Amamwazidwa m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa.

Woweta ziweto agule madeya ouma, osaumbika zibuluma ndi osanunkha nkhungu, ndipo agule okwanira masabata ochepa okha. Madeya onyowa ochokera ku chigayo ayanikidwe tsiku lomwelo. Modyera muzitsukidwa. Ng'ombe yokamidwa, anapiye, abakha ndi ana a nkhumba zisapatsidwe chimanga kapena mtedza wowola ngakhale pang'ono. Ziweto zingapo zikadwala pamodzi mutangotsegula thumba latsopano, siyani kuzipatsa chakudyacho, sungani pang'ono kuti chikapimidwe, ndipo dziwitsani mlangizi wa ziweto.

Zina nza aboma. Zipangizo zopimira mwachangu zilipo ndipo nzonyamulika m'manja. Makhonsolo a Machinga ndi Balaka, mogwirizana ndi Unduna wa Zaulimi ndi Malawi Bureau of Standards, angathe kumapima chimanga, madeya ndi mkaka m'misika ikuluikulu, makamaka m'chaka chotsatira chilala kapena kusefukira kwa madzi, ndi kulengeza zotsatira zake poyera. Imfa zachilendo za ziweto zizilembedwa ndi kufufuzidwa, ndipo a zaumoyo azidziwitsidwa, pakuti anthu ndi ziweto zawo amadya za m'nkhokwe imodzi. Magulu a alimi, makopaletivi, mafumu ndi mipingo angathandize pogula malona oyanikira ndi zopimira chinyezi zogwiritsa ntchito pamodzi, poti mutu umodzi susenza denga.

Anzathu a ku Zambia anadziwa za poizoni mu ufa wawo chifukwa eni agalu a m'tauni anadandaula mokweza ndipo atolankhani anafufuza. Kuno abakha akafa ku Mposa kapena ku Kankao, mwini wake amangowakwirira, nkhani nkuthera pomwepo. Tiphunzire kufunsa chimene chawapha, chifukwa yankho lake lingateteze ana a pakhomopo.