Moto sudikira netiweki

Ogasiti akafika udzu umauma, mphepo n'kuyamba, ndipo mpaka Okutobala utsi sutha kuno ku Lione. Uyu akutentha munda, uyo akusaka mbewa, mapeto ake nkhokwe ya mnzathu yapsa.

Funso langa lero ndi ili: moto ukabuka usiku, uthenga uyenda njira iti?

Ozimitsa moto a SENSAP ali ku Lichinga, ndipo nambala ya moto m'dziko muno ndi 198. Koma foni imafuna netiweki ndi batire, ndipo denga laudzu silidikira galimoto lochokera kutauni. Ife a pawailesi tinaphunzira kuti chipangizo chilichonse chikhale ndi chinzake, chifukwa tsiku lina chimakana.

Choncho a mfumu ndi anthu awo akhale pansi, ajambule mudzi papepala. Apachike zitsulo m'malo atatu, moti china chikalira, wa pachinzake amve nayenso aimbe. Kaimbidwe ka moto kasiyane ndi ka sukulu kapena ka tchalitchi. Oimba foni akhale atatu, wa Movitel, wa Vodacom ndi wa Tmcel, ndipo aliyense adziwe chitunda pomwe netiweki yake imagwira. Zonsezi zikakana, mnyamata wanjinga athamangire ku posito.

Woimba foni atchule mudzi, njira yolowera ndi chimene chikupsa, osati kungokuwa.

Abale anga, tikonze zimenezi udzu ukadali wauwisi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ine ndikuti foni imodzi singalipulumutse.